"Netiweki palibe": kabatire kamodzi kadatsala pang'ono kuwagwetsera kwa katapila alamu anga

Masiku ano mukayenda mumsika wa Limbe, ku Ndirande, kwa Tsoka ku Lilongwe ngakhale ku Zigwagwa ku Mzuzu, pali mawu awiri omwe akumveka kuposa aja akuti "tsitsani mtengo". Mawuwo ndi akuti "netiweki palibe". Ejenti wa ndalama za pafoni akunena omwewo. Mayi wa tomato amene akudikira kuti kasitomala amutumizire ndalama akunena omwewo. Ngakhale wangongole amene akukuzembani naye wapeza pobisala: "Ndimati nditumize achimwene, koma netiweki palibe."

Ine ndemwe ndinkawatchula mawuwa osaganiza n'komwe, mpaka tsiku lomwe adatsala pang'ono kuwalowetsa alamu anga m'manja mwa katapila. Ndaona kuti nkhaniyi ndisakhale nayo ndekha, chifukwa zomwe zidawaonekera alamu angazo zikuonekera anthu ambiri a geni, ndipo ndalama zikulowa m'matumba mwa akamberembere ife maso ali gwa.

Lolemba la mavuto

Alamu anga ali ndi kashopu pafupi ndi msika wa Limbe. Amachita fotokope, kutayipa makalata ndi kusindikiza mapepala. Makasitomala awo ambiri ndi inu nomwe ooda katundu ku Kariakoo mu Dar es Salaam ndi ku Johannesburg. Wogulitsa kumeneko amatumiza mapepala a katundu pa imelo, alamu amasindikiza, mwini wake amapita nawo kuboda. Chuma chonse cha shopuyo ndi makina a fotokope, kompyuta yakale yapatebulo yomwe adagula yogwirapo kale ntchito, ndi karauta kolowetsa SIM khadi.

Lamlungu lina mu Januwale 2025 kudagwa chimvula cha mabingu usiku wonse, magetsi n'kuzima. Lolemba m'mawa atayaka, kompyuta idayaka bwinobwino, koma imelo osatseguka. Tsamba lililonse limangobweretsa chizindikiro chofiira ndi chizungu chambirimbiri. Alamu sadavutike n'kuwerenga. Adangotembenukira anthu omwe adali pamzere n'kunena kuti, "Pepani, netiweki palibe."

Ine ndidafika cha m'ma 10 koloko kudzachita fotokope yanga. Ndidapeza anthu asanu ali tsonga pabenchi. Pakati pawo padali mayi wina wogulitsa nsapato amene basi yake yopita kuboda ya Songwe imanyamuka madzulo omwewo. Katundu wake adali atafika kale kumeneko, mapepala ali mu imelo ya alamu, ndipo tsiku lililonse lochedwa ndiye kuti kulipira kosungitsa. Mayiyo samayankhula. Amangopukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje, maso ali pa kompyuta.

Posakhalitsa kudatulukira mnyamata wina wa chikwama chakumsana, wodziwika kuti "injiniya". Adagwiragwira rauta, kuinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Bwana, iyi yapita. Mphenzi ya usiku ija yaotcha mkati. Mwayi wake ndili nayo ina yatsopano, ndikupangirani mtengo wabwino."

Alamu atadandaula za mtengowo, nkhani idasintha. Tsopano vuto lidali mavairasi, ndipo mankhwala ake adali kufufuta zonse za mukompyuta n'kuyambiranso. Abale inu, mukompyuta imeneyo mudali makalata ndi mapepala a makasitomala a zaka zisanu! Koma pomwe munthu wapanikizika, aliyense woyankhula molimba mtima amaoneka dokotala. Alamu adali atangolipira fizi ya ana sabata yomweyo, mpamba uli wefuwefu. Ndidawaona akutuluka panja n'kuyamba kuimbira bambo wina wa katapila, uja wobweza theka pamwamba mwezi ukatha.

Mtsikana wobwera ndi nsima

Adatipulumutsa ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa zaka 19 amene akuphunzira zamakompyuta pasukulu ina ya ntchito zamanja. Adangobwera kudzatula nsima ya bambo ake. Ataona piringupiringuyo adaika kontena pansi n'kufunsa:

"Ababa, foni yanu ili pa Wi-Fi ya muno?"

"Eya."

"WhatsApp ikuyenda?"

Alamu adayang'ana. Mameseji amalowa ngati kale.

"Nanga achimwenewa akuonera mavidiyo pa Wi-Fi ya ndani?"

Tonse tidacheuka. Injiniya uja adali atakhala pampando akuseka yekha ndi TikTok, pa rauta yomweyo yomwe amati yapsa ndi mphenzi. Iye adayesa kudzitchinjiriza: "Iwe mwana, izi n'za akuluakulu." Mtsikanayo sadamuyankhe. Adaloza pakona yakumunsi kwa sikirini, paja pamakhala wotchi. "Amalume, tawerengani apa."

Ndidavala magalasi. Padalembedwa 1 Januwale 2010. Ndipo pamwamba pa chizungu chija chomwe palibe adachiwerenga padali mawu akuluakulu akuti "Your clock is behind", kutanthauza kuti wotchi yanu yatsalira. Kompyuta idakhala ikutiuza matenda ake kuyambira m'mawa, ife osamva.

Adakonza tsiku ndi nthawi. Imelo idatseguka pompo. Mapepala a mayi wa nsapato adatuluka m'makina, mayiyo n'kululutira ngati pachikwati. Pomwe timacheuka, injiniya adali atazimiririka, osatsazika n'komwe.

Mtsikanayo adatifotokozera motere. Mkati mwa kompyuta yapatebulo muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake n'kuyendetsa wotchi pomwe magetsi azima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima wotchi imabwerera kumbuyo zaka zambiri. Tsono masamba a pa intaneti, makamaka a imelo ndi a banki, amakhala ndi chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera, monga layisensi ya geni ya kukhonsolo. Kompyuta imayerekeza chiphasocho ndi kalendala yake. Ngati iyo ikuganiza kuti tili mu 2010 pomwe chiphaso chikuti 2025, imati chiphasocho n'chabodza, n'kutseka chitseko. Kabatireko tidakagula kwa okonza mawotchi mumsika momwemo, pamtengo wosafika ndi wa nkhuku.

Yambani mwafunsa aneba

Madzulo ake ndidamukhazika pansi mwanayo kuti andiphunzitse, poti safunsa adadya phula. Adayamba ndi madzi.

"Amalume, madzi a mu Blantyre muno amachokera ku Walker's Ferry, mumtsinje wa Shire. Mpopi wanu ukauma, mumakwera minibasi kupita ku Walker's Ferry?"

"Ayi, ndimayamba ndafunsa aneba ngati kwawo akutuluka."

"Basi, netiweki ndi chimodzimodzi."

Mfundo yake ndi iyi: "netiweki palibe" si matenda amodzi. Uthenga wanu umadutsa m'manja ambiri. Umachoka mufoni kapena mukompyuta, kupita pa rauta ngati ilipo, kukafika pansanja ya kampani, kulowa m'nthambo zapansi, kutuluka m'dziko muno, kudutsa pansi pa nyanja, mpaka kukafika komwe mukuufuna. Paliponse pangathe kuduka. Wanzeru amayambira pafupi, pomwe dzanja lake likufika, n'kumapita kutali pang'onopang'ono. Ndipo musanatulutse tambala, pali mafunso atatu osalipiritsa.

Loyamba: kodi ndi ine ndekha kapena tonse? Funsani wa benchi loyandikana nalo amene ali pa kampani yomweyo. Ngati kwa iye zikuyenda, vuto lili m'manja mwanu. Ngati nonse a kampani imodzi mwaima pomwe a kampani ina akuseka, vuto ndi la kampaniyo, ndipo palibe wokonza mafoni amene angalithetse ngakhale atamasula foni yanu zidutswazidutswa.

Lachiwiri: kodi ndi chipangizo chimodzi kapena zonse? Limeneli ndilo lidagwira injiniya uja. Ngati mafoni akuyenda pa Wi-Fi koma kompyuta yokha ndiyo yakana, rauta ilibe mlandu.

Lachitatu: kodi ndi pulogalamu imodzi kapena zonse? WhatsApp ikakana, yesani kutsegula Google. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Vuto lidali kwa eni ake, osati mufoni ya munthu. Komanso zimachitika mobwerera: WhatsApp ikuyenda koma china chilichonse chikukana. Pamenepo onani bandulo yanu, mwina mudagula ya WhatsApp yokha basi.

Timizere tisakunamizeni

Tiyambe ndi foni, poti ndiye khasu la ambiri a ife. Timizere tija ta pamwamba tikadzaza, ambiri timati netiweki ili fulu. Timizereto timangonena kuti foni yanu ikumvana ndi nsanja yapafupi. Sititchula kalikonse za zomwe zili kuseri kwa nsanjayo. Zili ngati minibasi yaima pasiteji, injini ikulira, koma kutsogolo mlatho wakokoloka.

Yang'anani kachilembo kali pambali pa timizereto. E ndiye kuti muli pa 2G, yoyenda ngati ngolo: kuimba kutheka, koma chithunzi cha katundu chitenga nthawi yophika nyemba. H kapena H+ ndi 3G. 4G kapena LTE ndiye yachangu. Ngati palibe chilembo chilichonse, deta yanu njozimitsa kapena china chasokonekera.

Zoyenera kuchita, motsatana, ndi izi. Onani ngati bandulo ikadalipo komanso ngati tsiku lake silidadutse, chifukwa bandulo imatha paŵiri, pa kuchuluka ndi pa nthawi. Onani ngati deta njoyatsa. Ngati foni yanu njolowa ma SIM awiri, onetsetsani kuti deta ikuyenda pa SIM yomwe mudagulira bandulo. Pamenepa ndi pomwe ambiri timapsa: bandulo ili pa SIM 1, foni ikudya mayunitsi a SIM 2, ife n'kumatukwana kampani. Kenako dinani kachizindikiro ka ndege, dikirani theka la mphindi, kazimitseninso. Kutero kumakakamiza foni kufunafuna nsanja mwatsopano. Zikakanika, zimitsani foni yonse n'kuyatsanso. Zikakanikabe, ikani SIM yanu mufoni ya mnzanu. Ikayenda mmenemo, vuto ndi foni yanu. Ikakana mmenemonso, vuto ndi SIM kapena akaunti yanu, ndipo kopita ndi kuofesi ya kampani mutatenga chitupa chanu cha unzika.

Pali chinanso chomwe chimavuta pa mafoni ongofika kumene kuchokera ku Dubai kapena ku Joni. Foni ikuimba bwinobwino koma intaneti zii. Nthawi zambiri ndi kanthu kotchedwa APN, komwe kali ngati adiresi ya geti lomwe foni imalowera pa intaneti ya kampani yanu. Kampani iliyonse ili ndi yakeyake, ndipo mukawaimbira amakuuzani kapena kukutumizirani. Si chinthu choti mpaka foni itsegulidwe ndi sikuludiraiva.

Musaiwalenso komwe mwaima. Malata ndi makontena achitsulo amatchinga mafunde a netiweki. Mkati mwa shedi yamalata foni ingathe kugwa pa E, mutangotuluka panja n'kubwerera pa 4G. Komanso nsanja imodzi timagawana tonse. Masana pa tsiku lamalipiro, msika utadzaza, aliyense amalandira kachidutswa kochepa. Ngati muli ndi zithunzi zambiri za katundu zoti mutumize, tumizani m'mamawa anthu asanadzuke.

A rauta ndi kompyuta, tcherani khutu

Tsopano inu a mashopu a fotokope, a zipangizo zomangira ndi a maholoselo. Rauta imayankhula ndi timagetsi take. Tsiku lomwe zinthu zili bwino, ijambuleni chithunzi kuti mudziwe timagetsi timayaka bwanji pa tsiku labwino. Zikadzavuta mudzayerekeze. Kagetsi ka mphamvu kakazima, onani soketi ndi adaputa musanaiweruze rauta, chifukwa magetsi akabwera mwamphamvu chimayamba kufa nthawi zambiri ndi adaputa, yomwe njotsika mtengo. Kagetsi ka Wi-Fi kakamayaka koma ka intaneti kali kofiira, ndiye kuti m'nyumba muli bwino, vuto lili pa SIM, pa bandulo kapena kunja.

Dziwaninso kuti kulumikizika ku Wi-Fi sikutanthauza kuti muli pa intaneti. Wi-Fi ndi kanjira kochoka pa foni yanu kufika pa rauta basi. Ndi paipi ya m'nyumba. Ingathe kukhala yabwinobwino koma madzi kulibe.

Zulani rauta kumagetsi, werengani mpaka 30, bwezeranipo, ipatseni mphindi ziwiri. Koma chenjerani ndi kabowo kakang'ono kakumbuyo kolembedwa "reset". Mukakabaya ndi singano mwafufuta zonse zomwe zidatcheredwamo, pasiwedi yanu ndi zina, ndipo mwadziwonjezera ntchito. Ngati kompyuta yanu imalumikizidwa ndi nthambo, itsatireni ndi dzanja kuchokera kumutu mpaka kumchira. M'misika yathu makoswe sasankha, amatafuna ndi nthambo zomwe. Kamutu ka pulasitiki kakathyoka kakhoza kumaoneka kolowa pomwe sikakugunda.

Nanga bandulo ya mwezi ikamatha m'masiku khumi? Werengani anthu omwe mudawapatsa pasiwedi. Mudapatsa mmodzi, iye adapatsa chibwenzi chake, chibwenzicho chidapatsa mzere wonse wa okazinga tchipisi. Sinthani pasiwedi, muone kusintha. Rauta iikeninso pamwamba, pafupi ndi zenera, osati pansi pa kauntala kuseri kwa makatoni.

Kwa olimba mtima, mwana uja adandionetsa mayeso ena a pa kompyuta ya Windows. Mumatsegula kabokosi kakuda kotchedwa Command Prompt, n'kulemba ipconfig. Patuluka manambala. Mukaona adiresi yoyamba ndi 192.168, kompyuta yalandira nambala yake kuchokera ku rauta, zili bwino. Mukaona yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta idapempha nambala koma palibe adaiyankha, choncho vuto lili pakati pa iyo ndi rauta. Kenako mumalemba ping 8.8.8.8, komwe kuli ngati kugogoda pachitseko cha makina a Google. Akayankha, msewu wopita kunja ngotseguka. Pomaliza mumalemba ping google.com. Ngati nambala ija idayankha koma dzinali likukana, chavuta ndi DNS, yomwe ili ngati buku lija la manambala a lamya: imasandutsa dzina kukhala nambala. Limenelo ndi vuto la kutchera chabe, losafuna kugula chitsulo chilichonse.

Mwina simungachite zimenezi nokha. Palibe kanthu. Koma wokonza akabwera, muuzeni akuonetseni ndi maso kuti paduka ndi pati asanatchule mtengo. Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso limenelo, ndipo alipo ambiri achilungamo m'tauni muno. Amene amakwiya ndi uja wobwera ndi rauta yogulitsa kale m'chikwama. Ndipo musalole munthu kufufuta kompyuta musanakopere mapepala anu pa fulashi.

Pomwe vuto lili kutali ndi ife

Pali masiku ena omwe ngakhale mutazimitsa ndi kuyatsa kakhumi palibe chingasinthe. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja ya mchere, ndipo intaneti yathu imabwera ngati katundu wathu yemwe, kudzera m'maiko oyandikana nafe: Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Kumagombe a nyanja ya mchere ya India nthambo zathu zimakalumikizana ndi zina zoyala pansi pa nyanja.

Lamlungu pa 12 Meyi 2024, ziwiri mwa nthambo zimenezi, EASSy ndi Seacom, zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, kumpoto kwa Durban. Intaneti idafooka ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi kuno ku Malawi. Kukonza kwake kumafuna sitima yapadera yokavuula nthamboyo pansi pa nyanja, ndipo idali ntchito ya masabata. Tangoganizani munthu amene sabata imeneyo adalipira wokonza mafoni pa Limbe kuti amukonzere vuto lomwe lidali pansi pa nyanja ku Durban!

Magetsi nawo ali ndi mbali yawo. Nsanja za mafoni zimadya magetsi ngati ife tomwe. Akazima zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo kuzimako kukatalika kapena dizilo akasowa, nsanja imagona. Tonse tikukumbukira Januwale 2022 pomwe namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Tikukumbukiranso Malichi 2023 pomwe Freddy adagwetsa mapolo ndi kukokolola misewu kuchigawo chakummwera kuno. Mukaona kuti netiweki ya m'dera lanu imathawa patapita maola angapo magetsi atazima, musavutike ndi foni yanu. Ndi nsanja yatopa.

Mankhwala a mavuto akutaliwa ndi amodzi: musaike mazira onse m'thumba la kampani imodzi. Wa geni akhale ndi ma SIM a makampani awiri, ndi kandalama kapamanja kosinthira.

Apa ndiye pali ndalama zanu

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba wa TNM mu 2013, ndalama zambiri za mumsika zikuyenda pafoni, ndipo mbava zaphunzira kuti nthawi yabwino yoba ndi pomwe netiweki ikuvuta.

Choyamba, dziwani kuti manambala aja oyamba ndi nyenyezi, monga *211# ndi *444#, safuna bandulo. Amayenda ngakhale pa kafoni kamabatani. Pulogalamu ya pafoni yamakono ndiyo imafuna intaneti. Tsono pulogalamu ikakana, yesani njira yanyenyeziyo musanabweze kasitomala.

Chachiwiri, mukatumiza ndalama foni n'kungoti zii osabweretsa meseji, musathamangire kutumizanso. Meseji imatha kuchedwa pomwe ndalama zapita kale. Onani balansi kaye. Ambiri alipira kawiri ooda chifukwa cha phuma, ndipo kubweza ndalama kwa munthu amene ali kutali ndi nkhani ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, inu ogulitsa, katundu asachoke pabenchi chifukwa kasitomala wakuonetsani meseji pafoni yake n'kunena kuti "kwanuko ifika, ndi netiweki". Meseji munthu angathe kuilemba yekha. Umboni ndi balansi ya mufoni yanu, yoona inu nokha ndi maso anu. Ngati ali pachangu, asiye katundu adzatenge.

Chachinayi, wina akakuimbirani kuti ndi wa kukampani, akukonza netiweki, ndiye mumuuze nambala yanu yachinsinsi kapena mudine manambala omwe akukuwerengerani, dulani foniyo. Palibe netiweki yomwe imakonzedwa ndi nambala yachinsinsi ya kasitomala.

Ndalama zikakakamira panjira, lembani m'kope tsiku, nthawi, kuchuluka kwake ndi nambala ya risiti ija imabwera mumeseji. Kadandauleni kukampani kaye, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Zikakanika, bungwe la MACRA ndilo limayang'anira makampani a mafoni, pomwe Reserve Bank of Malawi imayang'anira za kutumiza ndalama. Masiku ano wodandaula samangidwa, koma wopita chimanjamanja opanda cholemba amangobwera ndi "tikuimbirani".

Kabatire kali pakhoma

Mayi wa nsapato uja adaipeza basi yake. Patatha sabata adabwera ndi nsapato za sukulu kudzampatsa mtsikana uja. Bambo wa katapila adaimba kawiri kufunsa ngati alamu akubwerabe, alamu n'kumuyankha kuti, "Pepani bwana, netiweki yabwera."

Kabatire kakufa kaja sadakataye. Adakamata ndi selotepi pakhoma pamwamba pa kompyuta, ndipo pansi pake mwana wawo adalemba ndi cholembera chachikulu mafunso atatu aja: Ndekha kapena tonse? Chimodzi kapena zonse? Pulogalamu imodzi kapena zonse? Alamu adawonjezerapo lachinayi ndi dzanja lawo: Wawerenga zomwe yalemba?

Injiniya uja ndimakumana nayebe m'misewu ya Limbe, chikwama chili kumsana. Akandiona amaolokera tsidya lina. Koma sadasiye ntchito, ndiye kuti akupezabe omudyetsa. Inu a geni anzanga, mpamba mumaupeza movutikira, kulawira mbandakucha ndi kupsa ndi dzuwa tsiku lonse. Mawa foni kapena kompyuta ikakana, musayambe ndi kupisa m'thumba. Yambani ndi kutembenukira wa benchi loyandikana nalo, mumufunse kuti, "Achimwene, kwanuko ikugwira?"